Liu la Chingerezi "Sharp" ndi Matanthauzo Ake M'kayankhulidwe ka M'misewu Kumwera kwa Afrika

1. Chiyambi

Aliyense amene anaphunzirako Chingerezi amadziwa kuti mpeni wonoledwa bwino ndiwo umatchedwa "sharp". Komabe munthu woyenda m'misewu ya Soweto, Pretoria, Harare, Lusaka kapena Blantyre amamva liuli kambirimbiri pa tsiku, pamene palibe mpeni, lumo kapena singano pafupi. Kondakitala wa minibasi amalinena polandira ndalama, mnyamata amalinena poyankha moni wa mnzake, ndipo anthu awiri amene atha kukambirana za malonda amalinena posiyana. Ku South Africa limamveka "sharp", "shap" kapena "shapo", pamene ku Malawi limamveka "shapu".

Nkhani ino ikufotokoza mmene liu lonena za kuthwa kwa chitsulo linasandukira liu la moni, lovomereza, lothokoza, lotsazika, ngakhalenso lokana. Mfundo yake ndi imodzi. Matanthauzo amenewa sangamveke poyang'ana m'mbiri ya Chingerezi chokha, pakuti liuli litafika pakamwa pa anthu oyankhula ziyankhulo za Bantu linakakhala pa malo amene panali kale liu lina: "bwino" m'Chichewa, "kahle" m'Chizulu, "hantle" m'Chisotho, "zvakanaka" m'Chishona. Linatenga ntchito za mau amenewa pafupifupi zonse, kupatula imodzi yokha, ndipo imodziyo ndiyo imasonyeza malire ake.

Mau akuti "kayankhulidwe ka m'misewu" m'nkhani ino akutanthauza mau amene anthu a msinkhu umodzi, makamaka achinyamata a m'matauni, amayankhulana okhaokha, amene sagwiritsidwa ntchito m'kalasi, m'bwalo la milandu kapena m'makalata a boma.

2. Nthambi zinai za tanthauzo m'Chingerezi

Liu la "sharp" ndi lakale kwambiri. M'Chingerezi cha zaka chikwi zapitazo linkalembedwa "scearp", ndipo abale ake alipo m'ziyankhulo zoyandikana nacho: "scharf" m'Chijeremani, "scherp" m'Chidatchi, ndi "skerp" m'Chiafrikaans. Kuchokera pa tsinde limeneli panaphuka nthambi zinai zimene ziri zofunika pano.

Nthambi yoyamba ndiyo ya kuthwa kwenikweni kwa chida chodulira kapena chobayira, pamodzi ndi zinthu zina zimene zimalasa thupi monga chida: ululu wobaya, mphepo yozizira kwambiri, chakudya chowawasa.

Nthambi yachiwiri ndiyo ya nzeru. Munthu wa maso oona msanga ndi mutu wogwira zinthu mofulumira amatchedwa "sharp". Fanizo limeneli si lachilendo kwa Mchewa, amene amanena za maso akuthwa ndi lilime lakuthwa, ndipo mwambi wake umati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, kunena nzeru yatsopano yothetsa vuto limene lakanika eni mudzi. Koma m'Chingerezi nzeru imeneyi inapendekera ku chinyengo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 munthu wobera anzake mochenjera ankatchedwa "sharper", m'zaka za m'ma 1800 wobera pa juga ya makhadi anatchedwa "card sharp", ndipo malonda a ukathyali amatchedwa "sharp practice" mpaka lero.

Nthambi yachitatu ndiyo ya nthawi ndi changu. Msonkhano woyamba "ten o'clock sharp" ndi woyamba pa 10 koloko yeniyeni, ndipo lamulo lakuti "look sharp" limauza munthu kuti achite changu.

Nthambi yachinai, imene iri yaing'ono pa zonse, ndiyo ya kavalidwe. M'zaka za m'ma 1940 Achimereka ankanena kuti mwamuna wovala suti yosokedwa bwino, buluku losita mpaka mzere kuoneka, ndi chipewa chopendeketsa, ndi "sharp". Apa liuli linasiya kunena za chinthu choopsa, niliyamba kukhala liu loyamikira.

Pa nthambi zinai zonsezi palibe ndi imodzi yomwe pamene Mngerezi wa ku London kapena Mmereka wa ku Chicago angayankhe moni ndi liu la "sharp", kapena kutsazika nalo mnzake. Ntchito zimenezo zinabadwira ku Afrika.

3. Liuli m'makomboni a Johannesburg

Malo oyambira kufufuza ndi Sophiatown, dera la kumadzulo kwa Johannesburg kumene anthu akuda ankaloledwa kukhala ndi malo aoao, kufikira pamene boma la tsankho linayamba kuwasamutsira ku Meadowlands mu February 1955. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 achinyamata a kumeneko ankakonda kwambiri zinthu za ku America: nyimbo za jazi, mafilimu a zigawenga, zipewa ndi nsapato za m'masitolo odula. Gulu lina lotchuka la zigawenga linkadzitcha "Americans" chifukwa cha kavalidwe kake, ndipo magazini ya Drum, imene inayamba kutuluka mu 1951, inkalemba za moyo umenewu m'Chingerezi chodzala ndi mau a m'mafilimu.

Kumeneko ndiko kunakhwimira kayankhulidwe kotchedwa Tsotsitaal, kamene poyamba kanatsamira pa galamala wa Chiafrikaans, nkumatola mau m'Chizulu, Chisotho, Chitswana ndi Chingerezi. Louis Molamu anasonkhanitsa mau ake m'dikishonale imene inasindikizidwa mu 2003. Pambuyo pake, ku Soweto, kayankhulidwe kofanana nako kanatsamira pa Chizulu ndi Chisotho, ndipo kamadziwika ndi dzina lakuti Iscamtho. Ellen Hurst ndi Rajend Mesthrie asonyeza kuti Tsotsitaal si chiyankhulo choima pachokha ai, koma ndi kavalidwe ka mau kamene kamavekedwa pa chiyankhulo chirichonse cha m'deralo, ndipo kamayenda limodzi ndi zovala, kayendedwe ndi zizindikiro za manja.

Kayankhulidwe kameneka kamagawa anthu pawiri. Mbali imodzi kuli "clever" kapena "kleva", mwana wa m'tauni wodziwa kudzisamala. Mbali ina kuli "moegoe" kapena "bari", munthu wogona, wongofika kumene kuchokera kumudzi, wosavuta kumpusitsa. M'dziko lotere nthambi yachiwiri ndi yachinai za liu la "sharp" zinakumana mwa munthu mmodzi, pakuti "kleva" weniweni anayenera kukhala wochenjera ndiponso wovala bwino. Chimene Mngerezi ankachiona ngati chilema, ndicho kuchenjera kopyola muyezo, m'komboni chinali chida chopulumukira kwa apolisi ofunsa mapasi ndi kwa akuba a m'sitima. Motero liuli linataya fungo lake loipa. Kunena kuti munthu ali "sharp" kunali kunena kuti ali monga mmene munthu ayenera kukhalira, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa tanthauzo lakuti "ali bwino" ndi phazi limodzi lokha.

Liuli limayenda ndi chizindikiro chake, ndicho kuimika chala chachikulu. Heather Brookes, amene anafufuza zizindikiro za manja pakati pa anyamata a m'makomboni a pafupi ndi Johannesburg ndi kusindikiza zotsatira zake mu 2001 ndi 2004, anasonyeza kuti zizindikiro zambiri zotere zimaima m'malo mwa mau enieni. Munthu ali kutsidya kwa mseu kapena m'galimoto yothamanga akhoza kunena "sharp" ndi chala chokha, mnzake nkumva.

4. Malo a liuli m'galamala ndi m'malonje

Ziyankhulo za Bantu ziri ndi afotokozi enieni owerengeka. M'Chichewa muli masinde monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi, -wisi, -kazi ndi -muna, amene amatenga agwirizanitsi awiri: munthu wamkulu, chinthu chachikulu. Gulu limeneli ndi lotseka, ndipo mfotokozi wobwereka salowamo. Nchifukwa chake palibe amene amanena "munthu wamshapu" kapena "chinthu chachishapu". Liu lobwerekalo liyenera kupeza khomo lina.

M'Chizulu khomolo ndi gulu la masinde monga -ngcono ndi -mnandi, amene amalandira mgwirizanitsi wa mwininkhani mwachindunji: "ngingcono", ndiye kuti ndikupezako bwino, "kumnandi", ndiye kuti kukukoma. Liu la "sharp" linalowera pomwepo, monganso analowera "right" ndi "grand". M'Chisotho ndi m'Chitswana zinachitika chimodzimodzi.

(1) U-sharp? Ngi-sharp. Chizulu: Uli bwino? Ndiri bwino.
(2) Ku-sharp. Chizulu: Ziri bwino, palibe vuto.
(3) O sharp? Ke sharp. Chisotho: Uli bwino? Ndiri bwino.
(4) Go shapo. Chitswana: Ziri bwino.

Pamenepa liuli lalowa m'malonje, ndipo malonje a anthu a Bantu ali ndi mpangidwe wodziwika. Moni ndi funso lonena za moyo wa mnzako, ndipo yankho lake ndi lakuti ulipo kapena uli bwino: "Unjani? Ngikhona", "O kae? Ke teng", "Makadii? Tiripo", "Muli shani? Bwino", "Muli bwanji? Ndiri bwino." Kutsazikana nako kuli ndi mpangidwe umodzi m'chigawo chonsechi. Wotsala amafunira wopita ulendo wabwino, wopita nafunira wotsala kutsala kwabwino: "hamba kahle" ndi "sala kahle" m'Chizulu, "tsamaya hantle" ndi "sala hantle" m'Chisotho, "fambai zvakanaka" ndi "sarai zvakanaka" m'Chishona, "pitani bwino" ndi "tsalani bwino" m'Chichewa. Liu limene lalandiridwa ndi tanthauzo lakuti "bwino" likhoza kukhalanso pa malo a muonjezi ameneyu.

(5) Hamba sharp. Pita bwino.
(6) Sala sharp. Tsala bwino.

Tsono mneni akachotsedwa, popeza onse awiri akudziwa amene akupita ndi amene akutsala, chotsala ndi "Sharp!" chabe. Apa ndipo pali yankho la funso limene limadabwitsa alendo a ku Ulaya, lakuti liu limodzi lingakhale bwanji moni ndiponso kutsazika. M'Chingerezi mau a moni ndi mau otsazikira ndi osiyana. M'ziyankhulo za Bantu zonse ziwiri zimazungulira pa liu limodzi lonena za ubwino, ndipo mlendo amene wakhala pa mpando wa liulo amalandira ntchito zonse ziwiri.

Kuvomereza nako kumatsata njira yomweyo. Mchewa akagwirizana ndi zimene wauzidwa amati "chabwino", Mzulu amati "kulungile", Msotho amati "ho lokile", Mshona amati "zvakanaka". Onsewa amavomereza ponena kuti chinthucho chiri bwino. Motero "sharp" anasanduka "chabwino", ndipo popeza munthu wolandira chenje kapena wolozeredwa njira amasonyeza kukhutira kwake ndi liu lomwelo, linayamba kugwiranso ntchito ya "zikomo".

Tanthauzo lomaliza ndilo losokoneza kwambiri mlendo. Munthu wopatsidwa chakudya china akhoza kuyankha kuti "ke sharp" kapena "ngi-sharp", ndipo apa sakuvomera koma akukana: ali bwino monga mmene aliri, safuna kuonjezera. Achimereka amachita zofanana ndi mau akuti "I'm good". Kukana kumeneku kukaloza munthu kumasanduka mau odula chibwenzi.

(7) Ke sharp ka wena. Chisotho: Ndathana nawe.
(8) Ngi-sharp ngawe. Chizulu: Ndathana nawe.

Matanthauzo onsewa, ngakhale akuoneka ngati omwazikana, ali ndi phata limodzi: palibe chotsala choti chikonzedwe. Pa moni ndiye kuti palibe vuto. Pa malonda ndiye kuti mtengo wamveka. Posiyana ndiye kuti nkhani yatha. Pokana ndiye kuti palibe chosowa. Kulikonse "sharp" ndi liu lotseka nkhani.

5. Kubwereza liu: "sharp-sharp"

Kawirikawiri liuli limanenedwa kawiri. Kubwereza kotere si khalidwe la Chingerezi cha ku Britain, koma kumwera kwa Afrika kuli ndi magwero awiri. Ziyankhulo za Bantu zimabwereza aonjezi pofuna kutsindika kapena kusonyeza kupitirira kwa chinthu: bwinobwino, msangamsanga, pang'onopang'ono m'Chichewa, "kancane kancane" m'Chizulu, "polepole" m'Chiswahili. Chiafrikaans nacho, mosiyana ndi Chidatchi chimene chinachibala, chimabwereza mau momasuka: "gou-gou", "nou-nou", kumene kunachokera "now-now" wa m'Chingerezi cha ku South Africa. Ku Johannesburg mitsinje iwiriyi inathirana, ndipo "sharp-sharp" akufanana ndi "bwinobwino" m'kapangidwe ndi m'tanthauzo lomwe. Dikishonale yaikulu ya Oxford English Dictionary inalandira "sharp-sharp" ngati liu la Chingerezi cha ku South Africa mu March 2025, pamodzi ndi mau ena monga "yoh" ndi "gatvol".

Umboni wamphamvu wa mfundo ya nkhani ino ukuchokera kumadzulo kwa Afrika. M'Chipijini cha ku Nigeria mulinso "sharp sharp", koma tanthauzo lake ndi "msangamsanga". Munthu wa ku Lagos wouza mnzake kuti achite chinthu "sharp sharp" akumufulumizitsa. Liu ndi lomwelo, kubwereza ndi komweko, koma anthu a ku Nigeria anatola nthambi yachitatu, ya nthawi ndi changu, pamene anthu a ku Johannesburg anatola yachiwiri ndi yachinai. Masiku ano anthu a maiko awiriwa amakumana m'misika ya Hillbrow ndi Yeoville, ndipo liu limene kwa wina likutanthauza "fulumira", kwa mnzake likutanthauza "zonse ziri bwino, tionana". Izi zikusonyeza kuti wofufuza sangalose tanthauzo la liu lobwereka pongodziwa chiyankhulo chimene lachokera. Ayenera kudziwanso anthu amene analilandira, ndi chosowa chimene linawakwaniritsira.

6. "Shapu" m'Chichewa

Katchulidwe ka liuli m'Chichewa kamatsata malamulo odziwika a mau obwereka. Choyamba, "r" wa m'kalembedwe ka Chingerezi samveka, chifukwa Chingerezi chimene chinafika m'chigawo chino ndi cha ku Britain, chimene sichitchula "r" pambuyo pa lembo la liu. Nchifukwa chake "card" anakhala "khadi" ndipo "park" anakhala "paki". Chachiwiri, phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liu, kotero liu lothera ndi lembo lopanda liu liyenera kuonjezeredwa. Lembo loonjezeralo silisankhidwa mwachisawawa. Pambuyo pa malembo otchulidwa ndi milomo, monga p ndi m, kawirikawiri pamabwera u: kapu, mapu, shopu, timu, filimu. Pambuyo pa malembo otchulidwa ndi nsonga ya lilime pamabwera i: bedi, basi, foni, shati. Motero "shapu" ndiye mpangidwe woyembekezeka. "Shapo" wa m'Chitswana ndi m'Chisotho sali kutali, pakuti o wa m'kalembedwe ka ziyankhulozo kawirikawiri amaimira liu lotchulidwa pafupi ndi u. Chachitatu, Chichewa chimatalikitsa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza pa mathero a chiganizo, monga afotokozera Laura Downing ndi Al Mtenje m'buku lao la 2017 lonena za katchulidwe ka Chichewa. Choncho a wa mu "shapu" amamveka wautali, mofanana ndi a wa m'Chingerezi.

M'chiganizo, "shapu" amakhala pa malo enieni a "bwino", pambuyo pa mneni -li, kapena amaima payekha ngati mfuu.

(9) Uli shapu, aise? Ndiri shapu.
(10) Galimoto ija takonza, iri shapu tsopano.
(11) Tikumane mawa pa depoti. Shapu.
(12) Shapu shapu, tionana.

Chichewa chinapereka mpata wosavuta kuposa Chizulu, chifukwa m'Chichewa liu limodzi la "bwino" limagwira ntchito pa moni, pa kutsazika ndi pa kuvomereza. Pa mpando womwewo pakhalanso alendo ena: "bho", amene amamveka m'Chichewa ndi m'Chishona momwe, monga mu "ziri bho" ndi "zviri bho", ndiponso "laka" wa ku Lusaka, wochokera ku "lekker" wa Chiafrikaans. Liu la "aise" la m'chitsanzo (9) nalonso ndi lobwereka, kuchokera ku "I say".

Chofunika kuchizindikira ndi chakuti tanthauzo loyamba la Chingerezi silinaoloke nao. Mpeni ukadali wakuthwa kapena wobuntha, ndipo nkhwangwa imanoledwa. Mmalawi wophunzira amadziwa "sharp" wa m'kalasi ndi "shapu" wa pa siteji ya minibasi, ndipo sawasokoneza. Ichi ndi chizindikiro chakuti "shapu" sanachokere m'buku la sukulu, koma anafika atasinthika kale kumwera.

Njira zochokera kumwera zakhalapo ziwiri. Yoyamba ndi ya migodi. Bungwe la Wenela linkatenga amuna a ku Malawi kupita nao ku Joni, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 chiwerengero chao chinaposa 100,000. Ndege ya bungweli itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi 74, Dr. H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, nitha mu 1988. Koma anthu a m'migodi ankakhala m'makomponi otsekedwa, ndipo chiyankhulo chao cha pa ntchito chinali Fanagalo. Kwa "kleva" wa ku Soweto iwowo ndiwo anali "bari". Njira yachiwiri inatseguka mu 1994, chaka chimene ulamuliro wa tsankho unatha ku South Africa ndipo Malawi anachita chisankho cha zipani zambiri. Achinyamata anayamba kuyenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge kukafuna ganyu ndi katundu wogulitsa, ndipo ankakhala m'makomboni momwemo pakati pa eni kayankhulidweko. Nthawi yomweyo nyimbo za kwaito za oimba monga Arthur Mafokate, TKZee ndi Mandoza, pamodzi ndi masewero a pa wailesi yakanema monga Generations ndi Yizo Yizo, zinafalitsa mau a ku Soweto m'maiko oyandikana. Popeza "shapu" ndi liu la achinyamata a m'tauni, osati la madoda opuma ntchito ya m'migodi, njira yachiwiriyi ndiyo ikugwirizana ndi mmene liuli likugwiritsidwira ntchito. Kayankhulidwe ka achinyamata ka ku Malawi kamene liuli lalowamo kanafotokozedwa ndi Francis Moto mu 2001, ndipo ena amakatcha Chibrazi.

7. Ntchito imene "shapu" sanaitenge

Pali malo amene "shapu" safikako. Mkamwini sanganene kwa apongozi ake kuti "Muli shapu?", ngakhale atagwiritsa ntchito mgwirizanitsi waulemu mu-. Liuli silimveka pamaso pa mfumu, pa chinkhoswe kapena pa siwa. Yankho lachidule ndi lakuti liuli ndi lachibwana, koma yankho limeneli silifotokoza chifukwa chake.

Malonje a Chichewa si mwambo wongodutsa ai. Ndi njira imene mudzi umadziwira za moyo wa anthu ake. Funso lakuti "Mwadzuka bwanji?" limatsatidwa ndi ena: kaya ana, kaya kumene mwachokera. Ndipo yankho lake liri ndi makwerero. Munthu akhoza kunena kuti wadzuka bwino, kapena wadzuka pang'ono, kapena wadzuka choncho, kapena kuti iye wadzuka koma mwana ndiye sanagone ndi malungo. Wofunsayo akamva "pang'ono" amakhala pansi, pakuti wadziwa kuti pali nkhani. Liu la "bwino" limalola kuchepetsedwa, ndiponso limalola "koma" kubwera pambuyo pake.

"Shapu" salola zimenezi. Monga kwasonyezedwa m'gawo 4, phata lake ndi kutseka nkhani. Wonena "ndiri shapu" akuuza mnzake kuti asafunsenso. Nchifukwa chake liuli likuyenerera moyo wa m'tauni, kumene munthu amakumana ndi anthu mazana pa tsiku ndipo sangaime kufotokozera aliyense za matenda a kunyumba. Limasunga chibale pa mtengo wochepa, liu limodzi ndi chala chimodzi. Koma kulinena kwa munthu wamkulu ndiko kumutsekera khomo limene mwambo umati likhale lotsegula, ndiponso kumuyesa mnzako wa msinkhu umodzi. Chipongwe chake sichiri m'Chingerezi chimene liuli linachokera, pakuti mau ngati sukulu, buku ndi tebulo ndi obwerekanso ndipo amanenedwa pamaso pa mfumu popanda wodandaula. Chipongwecho chiri m'ntchito imene liuli limagwira.

Palinso mbali ina yofunika kwa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'zipatala. Wachinyamata amene wayankha kuti "ndiri shapu" sananene kuti alibe vuto. Wanena kuti sakufuna kufunsidwa. Womva amene amasulira liuli ngati "bwino" wamba akhoza kudutsa munthu wosowa thandizo.

8. Mau otsiriza

Kuyambira pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndipo makamaka m'nthawi ya Chichewa Board, imene inayamba mu 1972 nilowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies mu 1996, funso la mau obwereka lakhala likuyankhidwa kawirikawiri mwa kufunsa ngati Chichewa chiri nalo kale liu lake. Pa muyezo umenewo "shapu" ndi wosafunika, popeza "bwino" alipo. Koma kufufuza kwa pamwambapa kwasonyeza kuti mau awiriwa si ofanana: lina limatsegula malonje, lina limawatseka. Chiyankhulo chimene anthu ake ambiri asamukira m'matauni chinasowa liu lachiwirilo, ndipo chinalipeza.

Kwa olemba madikishonale a ziyankhulo za Bantu phunziro lake ndi lakuti liu lotere likalembedwa, lisamasuliridwe pobwerera ku Chingerezi. Kulemba kuti "shapu" ndi "wakuthwa" ndi kulakwa, ndipo kulemba kuti ndi "bwino" ndi kunena theka la zoona. Pafunika kusonyeza malo ake m'chiganizo, ntchito zake zisanu za moni, kuvomereza, kuthokoza, kutsazika ndi kukana, ndiponso anthu amene angalinene kwa anzao ndi amene sangalinene. Njira yomweyo iyenera kutsatidwa pofufuza "sure", amene ku South Africa anakhala "sho", pamodzi ndi "right", "grand" ndi "bho", pakuti onsewa akupikisana pa mpando umodzi womwewo m'malonje a m'matauni a chigawo chino.